Kasankhidwe ka chikwama cha kanivasi chokoleka paphewa

Munthu amene amadzuka m'mamawa ku Area 25, ku Kawale kapena ku Chinsapo n'kukakwera minibasi yolowa m'tauni amadziwa kuti manja awiri sakwanira. Dzanja lina limagwira mpando wakutsogolo, lina likupereka ndalama kwa kondakitala, pamene foni, makiyi, mapepala ndi botolo la madzi zikufunika malo amene sizingagwe kapena kusololedwa. N'chifukwa chake ambiri a ife timadalira chikwama chokoleka paphewa. Cha kanivasi, nsalu yokhuthala ija imene ena amangoitchula kuti nsalu ya tenti, n'chopepuka kuposa chachikopa, chimachapika, ndipo chikang'ambika telala wapakhonde la sitolo amachisoka popanda vuto. Komabe zikwama zimene zimaoneka zofanana zikapachikidwa pamsika sizikhalitsa mofanana, pakuti china chimatumikira mwini wake zaka zambiri pamene china sichiona n'komwe mvula yachiwiri. Zimene ndaona pa zikwama zanga ndi za abale anga n'zakuti nsalu siikonda kuyamba kutha. Chikwama chimafera pamene lamba walumikizana ndi thupi lake, ndiponso pa zipi, ndipo maso a wogula ayenera kukhalitsa pamenepo.

Choyamba, yambirani kunyumba musanapite kumsika

Yalani pamphasa kapena patebulo zinthu zonse zimene mumanyamula pa tsiku wamba, osati pa tsiku la ulendo wa kumudzi. Kwa ambiri zimakhala foni ndi chaja yake, kachikwama ka ndalama, chiphaso cha unzika, makiyi, kope, ambulera yopinda, botolo la madzi, mwinanso chitenje ndi kontena ya chakudya chamasana. Pezani chinthu chachikulu koposa pa zonsezo, chifukwa ndicho chidzalamule kukula kwa chikwama. Ngati mumayenda ndi mapepala a ku ofesi kapena makalata ofunsira ntchito, kumbukirani kuti pepala la A4 ndi masentimita 21 m'lifupi ndi 29.7 m'litali, kotero chikwama chimene m'kati mwake simufika masentimita 33 chidzakupindirani mapepalawo m'makona, makamaka akakhala mu envelopu kapena mu fayilo. Ngati mumanyamula laputopu, musadalire manambala a mainchesi amene amatchulidwa pogulitsa, chifukwa amenewo amayeza sikirini mopingasa kuchokera kona ina kufika kona ina. Iyezeni nokha ndi tepi, kapena dulani kachingwe kofanana ndi kutalika kwake n'kupita nako kumsika m'thumba.

Pamenepa ndikuchenjezeni za chikwama chachikulu mopitirira. Malo akakhalapo munthu amawadzaza, ndipo katundu yense wa chikwama chotere amalemera paphewa limodzi. Amene amayenda wapansi kuchokera ku depoti kuwoloka mlatho wa mtsinje wa Lilongwe mpaka ku Area 3, tsiku ndi tsiku, amayamba kumva khosi ndi msana kuwawa asanazindikire chimene chikumupweteka. Ngati katundu wanu wa tsiku lililonse ndi laputopu yaikulu, mabuku angapo ndi nsapato zosinthira, ndiye kuti chimene mukufuna ndi chikwama choberekera kumsana, ndipo palibe lamba wapaphewa amene angasinthe zimenezo.

Chachiwiri, dziwani kumene mukupita ndi chimene mukayembekezere

Ku kaunjika wa mumsika wa Tsoka ndi m'misika ya m'madera monga wa ku Area 25 kumapezeka zikwama za nsalu yabwino kwambiri pa mtengo wotsika, makamaka mukafika belo litangotsegulidwa. Vuto lake ndi lakuti chikwamacho chinagwirapo kale ntchito kwina, kotero chimafuna kuchiyang'anitsitsa, ndiponso simungasankhe mtundu kapena kukula monga mukufunira. M'masitolo a ku Old Town muli zikwama zatsopano zochokera kunja, zowala ndi zokopa maso, koma zambiri mwa izo nsalu yake ndi yopyapyala yomatidwa pulasitiki kuseri kuti imveke yolimba m'manja. M'masitolo akuluakulu, monga a ku Gateway Mall, mumalandira lisiti ndipo mumayesa chikwama mosapanikizika, koma mtengo wokwera si umboni wa msoko wolimba. Njira yachinayi, imene ambiri amaiiwala, ndiyo kusoketsa kwa telala amene amadziwa nsalu zolemera, monga osoka matenti ndi zovundikira mipando ya galimoto. Kumeneko mumasankha nokha nsalu, zipi ndi kutalika kwa lamba, ndipo ena amakongoletsa ndi chitenje pa thumba lakutsogolo.

Chachitatu, yesani nsalu ndi manja, ndi kuwala, ndi mphuno

Kanivasi ndi nsalu yolukidwa mwa njira yosavuta, ulusi wina kudutsa pamwamba ndi pansi pa unzake mosinthanasinthana, koma ndi ulusi wokhuthala wothinana kwambiri. Dzina lake linachokera ku mawu a Chilatini otanthauza chamba, chifukwa kalelo nsaluyi inkapangidwa ndi luzi la chomera cha mtundu umenewo, ndipo ndiyo inkasokedwa matanga a zombo. Masiku ano yambiri ndi ya thonje, longa lomwe lija limalimidwa ku Salima, ku Balaka ndi ku Chikwawa, kapena thonje losakaniza ndi poliyesitala.

Opanga nsaluyi amatchula kukhuthala kwake ndi kulemera. Mukaona pa kachikwangwani ka m'kati palembedwa 8 oz, 12 oz kapena 16 oz, akutanthauza kulemera, m'maaunsi (oz), kwa nsalu yotalika yadi imodzi mbali zonse. Ya 8 oz ndi pafupifupi magalamu 270 pa mita imodzi mbali zonse, ndipo ndi ya timatumba togulira zinthu timene timaperekedwa pamisonkhano. Ya 12 oz ndi pafupifupi magalamu 400, ndipo m'kuona kwanga imeneyi ndiyo yoyenera chikwama cha tsiku ndi tsiku, chifukwa imapirira kukhuzika pa mipando ya minibasi koma siilemetsa phewa. Ya 16 oz imadutsa magalamu 500, imaima yokha ngati dengu, ndipo ndi yabwino kwa wonyamula zipangizo za ntchito yamanja, ngakhale kuti imalemera chikwama chisanalowe kanthu.

Zikwama zambiri zapamsika zilibe kachikwangwani koteroko, choncho muyenera kuyesa nokha. Tambasulani mbali imodzi ya chikwama moyang'anitsa kudzuwa. Ngati kuwala kukudutsa m'timabowo tooneka bwino pakati pa ulusi, nsaluyo ndi yotayana ndipo idzayamba kubooka m'makona. Kandani pang'ono ndi chikhadabo pamalo obisika: ulusi wa nsalu yabwino susuntha, koma wa nsalu yofooka umapatukana n'kusiya mpata. Kenako finyani nsaluyo m'dzanja. Ya thonje imakwinyika n'kusiya mizere, ndipo imamveka yofunda ndi yokhakhala pang'ono, pamene ya poliyesitala imaterera n'kubwerera msanga m'malo mwake. Poliyesitala si woipa, pakuti amauma msanga ndipo sachita chuku mofulumira ngati thonje. Choipa ndi nsalu yopyapyala yomatidwa pulasitiki kuseri, chifukwa ikakumana ndi kutentha kwa mwezi wa October pulasitikiyo imauma, imasweka, n'kuyamba kufundukira pa katundu wanu ngati mankhusu.

Musachite manyazi kununkhiza chikwama, makamaka cha kaunjika. Fungo la mankhwala a m'belo limachoka mukachapa, koma fungo la chinyontho limasonyeza kuti nsaluyo inachitapo chuku, ndipo ulusi wa thonje umene wadyedwa ndi chuku umakhala wofumbwa ngakhale ukuoneka wabwino. Timadontho takuda tosachoka m'makona apansi ndi chizindikiro cha zomwezo.

Chachinayi, tembenuzani chikwama muone misoko

Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo pa nkhani ya zikwama mawuwa ndi malangizo enieni a kagulidwe. Pemphani mwaulemu kuti, "Bambo, mundilole ndichitembenuze ndione m'kati," ndipo wogulitsa amene amakhulupirira katundu wake sakana. Yang'anani m'mphepete mwa nsalu pamene zidutswa ziwiri zakumana. Pa chikwama chosokedwa bwino m'mphepetemo mumakhala mokutidwa ndi kansalu kena kapena mopindidwa n'kusokedwa kawiri, kotero simuona ulusi ukulendewera. Pa chosokedwa mothamanga m'mphepete mumangosiyidwa poyera, ndipo kanivasi akayamba kusomphoka m'mphepete sasiya mpaka msoko wonse utamasuka. Onaninso mtunda wa pakati pa msoko ndi mathero a nsalu. Ukachepera sentimita imodzi, katundu wolemera adzaukoka msokowo mpaka utuluke.

Gwirani mbali ziwiri za msoko n'kukoka pang'ono. Ngati ulusi ukuonekera ngati mano, msokowo ndi wotayirira. Nsonga za msoko zikhale zofanana kutalika, pafupifupi zitatu kapena zinayi pa sentimita imodzi, popanda malo odumphidwa. Pansi pa chikwama ndi pamene pamakhuzika kwambiri, chifukwa timachiika pa simenti, pa dothi ndi pansi pa mpando wa minibasi, choncho chikwama chimene pansi pake pali nsalu ziwiri kapena kachikopa m'makona n'choyenera kuwonjezerapo ndalama.

Tsopano fikani pa lamba, ndipo apa musafulumire. Ine ndinaphunzira mfundo imeneyi tsiku lina la mvula pamene ndinkatsika minibasi mu depoti, chikwama chitapanikizika pakati pa mpando ndi thumba la chimanga la munthu wina. Nditakoka, lamba anathothoka mbali imodzi ndipo mapepala a kuntchito anagwera m'matope. Nsalu ya chikwamacho inali idakali yatsopano, koma lambayo anali atangolowetsedwa pang'ono mu msoko wam'mwamba n'kudutsitsapo mzere umodzi wa ulusi. Lamba wodalirika amatsika masentimita angapo pa thupi la chikwama, n'kusokedwa mwa bokosi la makona anayi lokhala ndi mtanda pakati, kapena kubwerezedwa msoko wothinana kangapo pamalo amodzi. Wabwino koposa ndi amene amatsika mbali yonse ya chikwama mpaka pansi, chifukwa pamenepo kulemera kwa katundu kumanyamulidwa ndi lambayo, osati ndi msoko umodzi. Ngati pali timisomali tachitsulo togwira lamba, yang'anani kuseri ngati pali kachikopa kapena kansalu kochirikiza, popeza kamsomali kobayidwa pa nsalu imodzi yokha kamakulitsa bowo mpaka kutuluka.

Lamba akhale wotambalala masentimita anayi kapena asanu. Woonda ngati chingwe amadula phewa ndipo amawononga kolala ya malaya kapena bulauzi. Akhalenso wotheka kutalikitsa ndi kufupikitsa, ndipo atalike mokwanira kuti muzitha kumudutsitsa pamutu, chikwama n'kukhala mopingasa pachifuwa. Mu Lilongwe muno zimenezi si za fasho. Amene amakwera kabaza wa njinga yamoto sangayende ndi chikwama cholendewera paphewa limodzi, chifukwa chimaterereka, chimatha kukodwa, ndipo n'chosavuta kuti wina achitsomphole. Chitsulo chosinthira kutalika kwa lamba muchiyese motere: ikani lamba pa mlingo umene mukufuna, kokani mwamphamvu, muone ngati akuterereka. Akaterereka m'sitolo chikwama chili chopanda kanthu, ndiye kuti chikadzalemera chizidzakufikani m'mawondo.

Chachisanu, zipi ndi zitsulo

Tsegulani ndi kutseka zipi iliyonse kasanu kapena kupitirira apo, ndi dzanja limodzi, monga mudzachitire muli pa mzere wa ku banki. Iyende mosakodwa, isalume nsalu ya m'kati, ndipo mukaitseka mukoke mbali zake ziwiri kuti muone ngati mano akutseguka kumbuyo. Pa kamutu ka zipi zambiri zabwino pamalembedwa YKK, dzina la kampani ya ku Japan imene inayamba mu 1934, ndipo kuseri kwa kamutuko nthawi zambiri kumakhala nambala yosonyeza kukula kwa mano. Nambala 3 ndi ya masiketi ndi timatumba tating'ono. Pakamwa pa chikwama pamafunika nambala 5 kapena 8. Dzinalo limatha kukoperedwa, kotero dzanja lanu likhale mboni yomaliza. Pa chikwama cha kaunjika, kamutu kotha si chifukwa chochisiyira, popeza amisiri okonza zipi ndi osoka nsapato mumsika amasintha kamutu pa ndalama yochepa. Koma mano akakhala othothoka pamafunika kusintha zipi yonse, ndipo mtengo wa ntchito imeneyo muuchotsere pa mtengo wa chikwama.

Fumbi la m'miyezi ya August, September ndi October limalowa m'mano a zipi n'kuilimbitsa. Zipi imene ili ndi kansalu koivundikira pamwamba imakhalitsa, ndipo imachepetsanso madzi olowa nthawi ya dzinja. Za zitsulo zina, monga mphete ndi ngowe zokolera lamba, sankhani zolemera m'dzanja ndi zopanda mpata pamene mphete yakumana. Zopepuka zopakidwa utoto wagolide zimasupuka msanga, ndipo zachitsulo wamba zimachita dzimbiri limene limadetsa nsalu mosachotseka.

Chachisanu ndi chimodzi, matumba ndi katsekedwe

Chikwama chopanda chotseka pakamwa n'chabwino pokagula ndiwo zamasamba ku Lizulu, ndipo chimathandiza pamene timapepala tapulasitiki topyapyala tinaletsedwa ndi malamulo a mu 2015. Koma pa chikwama chonyamula foni ndi ndalama, kukamwa kotsegula ndi kuitana dzanja la wina pamalo othithikana monga mu msewu wa Malangalanga. Katsekedwe kabwino ndi zipi pakamwa, ndipo pamwamba pake chivundikiro chansalu chogwera kutsogolo. Chivundikiro chomata ndi maginito okha sichokwanira, ndipo chomata chokhadzula chija, chotchedwa Velcro, chimadzaza ulusi ndi fumbi n'kusiya kugwira. M'kati mukhale thumba limodzi la zipi, kumbali imene imagunda thupi lanu, losungiramo chiphaso, makhadi a ku banki ndi ndalama zikuluzikulu. Kunja kukhale kathumba kamodzi ka ndalama za minibasi kuti musamatsegule chikwama chonse pagulu. Matumba ochuluka kuposa pamenepa amangowonjezera misoko yoti idzang'ambike. Nsalu ya m'kati ikakhala yowala mtundu, makiyi ndi cholembera zimapezeka msanga, ndipo muigwire muone ngati si yopyapyala ngati ya ambulera, chifukwa imeneyo imang'ambika miyezi yoyambirira.

Za mtundu ndinene mwachidule. Dothi la kuno ndi lofiirira, choncho chikwama choyera chimafuna kuchapa kawirikawiri, ndipo chakuda bii chimaonetsa fumbi ndipo mtundu wake umasuluka ndi dzuwa. Khaki, bulauni, chotuwa ndi chobiriwira moderako zimabisa zonsezi. Ngati nsalu ndi ya mtundu wakuda kapena wabuluu, nyowetsani kampango koyera n'kupukuta pamalo obisika. Kakadetsedwa, dziwani kuti mtunduwo udzatsalanso pa malaya anu oyera tsiku limene mwatuluka thukuta kapena mwanyowa ndi mvula.

Chachisanu ndi chiwiri, chivaleni chili ndi katundu, kenako nenererani

Ikani m'chikwamamo zinthu zimene mwabwera nazo, chikolekeni, muyende masitepe angapo, muwerame ngati mukulowa m'minibasi, kenako mukhale pansi n'kuchiika pamiyendo. Chiyenera kukhala chapafupi ndi chiuno, osamenya ntchafu poyenda, ndipo chisapindike pakati ngati thumba la ufa losadzaza. Mukakhutira, ndi pamene muyambe kunenerera mtengo. Tchulani mwaulemu zolakwika zimene mwaziona, monga kamutu ka zipi kotha kapena msoko wofuna kubwereza, chifukwa wogulitsa amatsitsa mosavuta kwa munthu amene waonetsa kuti akudziwa chimene wagwira. M'sitolo funsani musanalipire ngati amalola kubweza katundu, ndipo sungani lisiti.

Mukafika nacho kunyumba

Cha kaunjika chichapeni musanachigwiritse ntchito. Gwiritsani madzi ozizira, sopo wamba ndi burashi yofewa, chifukwa madzi otentha amafwanyaza thonje ndipo chikwama chimatha kuchepa n'kupotoza zipi. Musathire Jik pa nsalu ya mtundu, ndipo musachifinye mopotokola. Chiyanikeni pamthunzi pamene pali mphepo, chotembenuza ndi chotsegula pakamwa, mpaka chiume ndithu m'makona ndi pansi pa lamba. M'dzinja, kuyambira November mpaka April, musachisiye chonyowa m'kabati kapena pansi pa bedi ngakhale usiku umodzi wokha.

Kanivasi wa thonje wothinana amapirira mvula yowaza, popeza ulusi wake ukanyowa umafufuma n'kutseka timipata, koma mvula yamphamvu ya mu January imalowa ndithu. Pali kanivasi wina wopakidwa phula amene madzi amangoterereka pamwamba pake. Ameneyo sachapidwa ndi sopo, amangopukutidwa ndi kansalu konyowa, ndipo sayenera kusiyidwa padzuwa m'galimoto yotseka chifukwa phulalo limafewa. Kwa amene chikwama chake ndi cha kanivasi wamba, njira yotsimikizika ndiyo kusunga jumbo yokhuthala m'kati yokutira laputopu ndi mapepala. Zipi ikayamba kulimba, ichotseni fumbi ndi mswachi wakale n'kupaka kandulo pang'ono m'mano ake.

Ngati mwapeza chikwama cha nsalu yabwino koma lamba wake ndi wogwidwa ndi mzere umodzi, musadikire kuti athothoke. Pitani nacho tsiku lomwelo kwa wosoka nsapato kapena kwa telala amene makina ake amabaya nsalu yolemera, mumupemphe kuti aike kachidutswa ka chikopa kapena ka jinzi kuseri kwa pamene lamba walumikizana, asoke bokosi ndi mtanda pakati mbali zonse ziwiri, ndipo agwiritse ntchito ulusi wa nayiloni umene amasokera nsapato.